Mitanda Itatu pa Kapepala

Lachinayi usiku, chipatala cha Kasungu.
Magetsi athima kachiwiri,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa khitchini.
Ine ndili m'labu, diso langa pa diso la maikulosikopu,
pansi pake dontho limodzi la magazi
a Elufe, mwana wa ku Chamama,
zaka zinayi, thupi ngati mbaula.

Ndikuwerenga. Ntchito yanga ndi yomweyo.
Tizilombo tili ngati timphete totayika mumchenga,
tina tiwiritiwiri m'kanyumba kamodzi,
tadzaza mudzi wonse popanda kuodira.

Alowa a Kamtsitsi, mlonda wa pageti,
Lamulungu amakhala kutsogolo, mkulu wa mpingo.
Abwera kudzatchaja foni.
“Ndisuzumireko, mwanawe.”
Atsinzina diso limodzi, agwira pakamwa.
“Ha! Zonsezi zili mwa ife?
Ndiye wina azinena kuti kulibe Mmisiri?
Lichero silidziluka lokha.”

Pakhomo paima a Zgambo, dokotala wa usiku uno,
amene anasiya tchalitchi chaka chimene anaika mwana wawo woyamba.
Sakweza mawu.
“Mmisiri wanuyo ndiye analukanso ichi?
Anakhala pansi bwinobwino
n'kusongola mlomo wa udzudzu
kuti ukaboole mwana ali mtulo?
Ine ndaona zokwanira, bambo.
Kumwamba kuli mitambo basi.”

Onse awiri atembenukira kwa ine
ngati ndine mboni pabwalo la milandu.
“Iwe Yotamu, galasi lakolo likuti chiyani?”

Likuti chiyani?
Zaka khumi ndi ziwiri ndikupotokola kachitsulo aka.
Limakuza chinthu kachikwi,
limandionetsa zimene bambo anga anafa nazo osazidziwa dzina.
Koma Mulungu sindinamupezemo,
ndipo dzenje losonyeza pamene Iye palibe
nalonso sindinalione.
Sikelo ya ku Chinkhoma imanena kulemera kwa belo la fodya,
siinena ngati thukuta la mlimi lalipidwa.
Ukaifunsa zimenezo imangokuyang'ana
ndi muvi wake womwewo.

Sindinawayankhe choncho, mawuwa abwera mochedwa.
Ndangotenga bolopeni
n'kulemba pakapepala mitanda itatu,
chizindikiro chathu cha malungo aakulu.

A Kamtsitsi aiona, ati: “Gologota.”
A Zgambo ati: “Masamu chabe, kuphatikiza.”
Koma kapepalako akatsomphola m'manja mwanga,
ali kale liwiro kulowera ku wodi ya ana,
ndipo jenereta yasankha nthawi yomweyo kufa.

Mdima bii.
Ndamva nsapato za mlonda zikutsatira,
foni yosadzaza ija ili m'mwamba ngati muuni.
Wina akufuna mtsempha pakadzanja kouma,
wina akumuunikira,
mayi wa mwana wagwira chigongono kuti chisagwedere,
milomo yake ikuyenda, ikutchula dzina
limene mmodzi wa awiriwa amati kulibe mwini wake.
Palibe amene wauza mnzake kuti akhale chete.

Kunja kukuyera tsopano.
Phiri la Kasungu latuluka mumdima monga dzulo,
silinatenge mbali.
Akuti Elufe watuluka thukuta, wapempha madzi,
wakana kapu yachipatala, akufuna yake yobiriwira
imene inatsala ku Chamama.

Ndikudziwa mmene zithere.
A Kamtsitsi akaima nayo nkhaniyi Lamulungu, adzaitcha umboni.
A Zgambo alemba m'faelo dzina la mankhwala ndi mlingo wake,
naonso adzautcha umboni.
Magazi omwewo, dontho lomwelo.

Ine ndatsuka kagalasi, ndakaimika kuti kaume.
Panjira yopita kunyumba, pafupi ndi depoti,
akabaza akupukuta zishalo,
mayi wina akuyatsa moto wa mandasi,
ndipo ndadzimva ndikunena “zikomo” chapansipansi.
Wakabaza mmodzi watembenuka,
akuyesa ndikunena iye.
Mwina ndi iye.
Sindinamutsutse.